Njinga ya Amayi Anu Inapita Kukadya Udzu

Esinala, Yotamu ndi Gelesi, ana anga, za kubadwa kwanga ndi kuweta mbuzi zisiyeni, aliyense anabadwa. Ine ndikufuna kulemba za ntchito, makamaka nkhani imene mwakhala mukuimva mbali imodzi yokha, ya amayi anu: nkhani ya njinga yawo yakuda ija. Iwo akamaifotokoza ndimatuluka ngati mbala. Sindikukana, koma ngakhale mbala imapatsidwa mpata wolankhula pabwalo.

Chaka choyamba pa ntchito, mwezi wa Meyi

Ndisanalembedwe ntchito ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Mambwe, pafupi ndi maofesi a boma. Tsiku lina galimoto ya loji ina ya alendo odzaona nyama, ya m'mbali mwa Luangwa, inafera pomwepo, paipi ya mafuta itang'ambika. Ndinaimanga ndi chubu cha njinga, galimoto n'kulira. Mzungu amene ankayendetsa, yemwe antchito ake ankamutcha Kamphepo chifukwa choyenda ngati akuthamangitsidwa, anandifunsa ngati ndikufuna ntchito. Ndinauza mudzi wonse kuti ndikukakhala makanika wa azungu. Nditafika ku loji anandipatsa ovolosi yobiriwira ndi chikwakwa, n'kundilozera kapinga woyambira pa khomo la ofesi mpaka kumtsinje. Ndinachita manyazi moti ndinatha miyezi iwiri osapita kwathu.

Amene anandilandira pa gulu la otchetcha anali aFabiano Mbewe a ku Nsefu, munthu wamtali, wamkulu kwa ine ndi zaka zoposa khumi, wosakonda zolankhulalankhula. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kunola chikwakwa ndi tupa, ndi kutchetcha ndi chiuno osati ndi phewa. Anandiphunzitsanso lamulo limene aliyense wogwira chikwakwa m'chigwa muno amalidziwa: udzu umatchetchedwa mame asanaume. Udzu wonyowa umaima, suthawa mpeni, ndipo dzuwa la kuno likakwera limaphika munthu. Choncho ziro sikisi m'mawa tinali titayamba kale, pofika naini tatsuka zikwakwa. Sabata yoyamba manja anga anatuluka matuza okhaokha. AMbewe ankamaliza ndime yawo, kenaka yanga, kapitawo akabwera n'kumuuza kuti mnyamatayu akulimbikira.

M'mawa wina ndinatsogola kupita pansi pa mtengo wa mvunguti umene uli pakati pa kapinga. Ndinangomva wina wandikoka kolala, ndinagwa chagada. Mvuu imene inachedwa kubwerera kumadzi, itatanganidwa ndi zipatso za mvunguti, inadutsa pamene ndinaima paja ili pa liwiro. AMbewe anandidzutsa, anandisansa fumbi, n'kunena mawu ochepa: "Sakala, usadzaimenso pakati pa mvuu ndi madzi." Anatola chikwakwa chawo n'kupitiriza ntchito. Nanenso ndinatola changa n'kuwatsatira.

Chaka chachitatu mpaka chakhumi ndi chinayi

Chilimwe chilichonse ankatituma ku kampu ya kutchire ya ku Nsefu kukamanga misasa ya udzu ya alendo, mvula ikayandikira n'kukaiphwasula. Kumeneko ndinkakonza pampu, nyali, mawilibala, chilichonse chokhala ndi bawuti, koma papepala ndinali wotchetcha udzu basi. Kamphepo anabwerera kwawo. Anabwera bwana wina amene tinkamutcha aChisoti chifukwa palibe anaonapo pamutu pake. Iyeyu anagula makina otchetchera a petulo, aphokoso moti anyani ankathawira kutsidya ndipo alendo ankadandaula kuti anabwera kudzamva mbalame. Atachoka aChisoti kunabwera Madamu aTembo a ku Chipata, mayi wachilungamo koma wosabwereza mawu kawiri. Iwo ndiwo anandiika kukhala kapitawo wa otchetcha asanu ndi mmodzi, kuwerengera ndi ine ndemwe. AMbewe, amene anayenera kukhala pa udindowo, anaukana, ati mapepala amawapweteketsa mutu. Kuyambira pamenepo ankanditcha aKapitawo, akumwetulira pang'ono.

M'zaka zimenezi ndinakwatira amayi anu n'kukakhala kwawo ku Mnkhanya monga mkamwini. Munda unali wawo, nyumba pa malo a kwawo. Chaka china thonje lawo linachita bwino kwambiri, ndipo anapita okha ku Chipata kukagula njinga yakuda, ya keliyala yolimba ndi belu lomveka kutali. Anaisankha okha, anaikweza okha pa basi. Ine ankandibwereka Lolemba popita kuntchito, Loweruka n'kubwera nayo, ndipo Lamlungu ndi masiku a tchuthi changa inali ya kutchalitchi, kuchigayo ndi kusikelo. Pondipatsa ankanena mawu amodzimodzi sabata iliyonse, kuti ndisaiwale mwini wake. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti zimene ndinachita sindinachite mosadziwa.

Chaka chakhumi ndi chisanu, Januwale ndi Febuluwale

Chaka chimenecho mvula inagwa yosaleka. Msewu wa ku Chipata unaduka m'malo angapo, petulo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo wochepayo ankasungira galimoto za alendo. Makina a aChisoti anatsokomola kawiri n'kufa. Chitsulo chake ankati chichokera ku Lusaka, mpaka ndinapuma ntchito chisanafike. Tinabwerera ku zikwakwa, udzu ukukula ngati ukutinyoza.

AMbewe panthawiyi anali atangotuluka m'chipatala. Pa tchuthi chawo anapita kukawedza kuthawale la kwawo, ng'ona inawagwira dzanja lamanja. Anaibaya m'diso ndi chala chamanzere mpaka inawasiya. Moyo unatsala, koma dzanjalo linabwera lowonda, zala zosapindika. Ankayesa kutchetcha ndi lamanzere, chikwakwa chinkangopalasa pansi. Ine ndi anzanga tinkamaliza ndime yawo mwakachetechete, monga ankachitira ndi ine kale.

Madamu anali ndi maso. Anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti eni loji alamula kuti otchetcha atsale asanu, chifukwa alendo achepa. Anandipatsa pepala loti ndilembepo dzina limodzi pofika kumapeto kwa Malichi. Ndinayamba kuzungulira, kunena kuti onse ndi akhama. Anandidula: "ASakala, tonse tikudziwa amene sangathe kugwira chikwakwa. Zikundiwawa, koma sindingalembe munthu ntchito yoyang'ana anzake." Ndinatuluka pepala lili m'thumba, likunditentha. AMbewe ankalera ana awo anayi ndi atatu a malemu mlongo wawo, onse pa sukulu, ndipo ndi dzanja limenelo ngakhale khasu sakanaligwira. Ndinalira kuseri kwa wekishopu, ine kapitawo wathunthu.

Chaka chomwecho, mwezi wa Malichi

Kuseri komweko, m'mulu wa zitsulo zakale, ndinaona makina ena a nthawi ya Kamphepo, okankha ndi manja, opanda injini. Anali ndi mawilo awiri, pakati pake mipeni yopindika imene imazungulira mawilo akamayenda. Anali adzimbiri koma athunthu. Ndinawathira oyilo wakale, ndinanola mipeni, anayamba kudula. Koma kukankha kwake kumafuna manja awiri amphamvu, ndiye sizinathandize kanthu. Madzulo a tsiku lomwelo ndinaona aMbewe akuchokera kumsika pa njinga yobwereka, dzanja limodzi pa handulo, thumba la ufa kumbuyo, akupalasa ngati mnyamata. Ndinadzimenya pamphumi. Ng'ona inatenga dzanja, koma miyendo inaisiya.

Nzeru inali yosavuta: kuchotsa wilo lakutsogolo la njinga, m'malo mwake kuikapo makina aja, kuti munthu akamapalasa azikankha ndi miyendo. Chovuta chinali njinga. Foloko inayenera kudulidwa ndi kuwotcherera, ndipo njinga yotero sibwereranso pamsewu. Ya loji inali ya mesenjala. Anzanga nditawapempha anaseka, wina anati ndiyambe ndadula yanga. Yanga! Masiku atatu ndinkaizungulira njinga ya amayi anu ngati fisi pakhola. Ndinkadziwa kuti mkamwini sakula mwendo, kuti katundu wa thonje la mkazi sungamugwire popanda mawu ake. Ndinkadziwanso kuti Loweruka lili kutali, mwezi ukutha, ndipo mumtima ndinali nditaweruza kale kuti akakana. Ndiye ndinati mnzako akapsa ndevu m'zimire, za kunyumba tidzaziona. Lachinayi masana ndinatenga sowo. Chitsulo chinalira ngati chikuitana mwini wake.

Kuwotcherera ndinkachita pa nthawi imene jenereta yayatsidwa chifukwa cha mafiriji. Ulendo woyamba ndinalumikiza mowongoka kwambiri, makina analowa mphuno pansi, ine n'kudumpha handulo. Ndinadulanso, ndinapendeketsa foloko, ndinaonjezera mapaipi awiri a bedi lakale kuti zilimbe. Kupalasa kunali kolemera, ndiye ndinasintha giya ya kumbuyo n'kuika yaikulu kuti mwendo usamavutike. Buleki ndinaisamutsira kumanzere, ku dzanja lamoyo la aMbewe. Tikaweruka madzulo tinkakaiyesa pa kabwalo ka mpira ka ku komboni ya antchito. Ha, inkadula! Udzu unkauluka kutsogolo ngati mankhusu popeta, phokoso lake laling'ono ngati la makina osokera. AMbewe tsiku loyamba anazungulira bwalo kasanu ndi kawiri osafuna kutsika, ndipo ndinawamva akuseka mokweza koyamba pa zaka khumi ndi zisanu.

Loweruka ndinapita kunyumba wapansi. Ndinauza amayi anu kuti njinga yathyoka ekiselo, chitsulo chichokera ku Chipata msewu ukatseguka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti makanika wa mtundu wanji amene amalephera ekiselo. Loweruka lachiwiri ndinati chitsulo chabwera cholakwika. Ndinadya nsomba ya tsiku limenelo osaimva kukoma.

Lolemba lomaliza la Malichi

Ndinapempha Madamu kuti adzaone okha asanalandire pepala. Anafunsa nthawi, ine mosaganiza ndinati ziro sikisi, nthawi yotchetcha. Kodi pali nthawi inanso? Anthu onse anabwera, ophika, ochapa, alonda amene amayenera kukagona, ngakhale alendo awiri ndi makamera awo. Kapinga anali mbuu ndi mame. Ine ndinavala ovolosi yochapa, ndinalankhulanso mawu pang'ono onena za nzeru za ife Akunda a m'chigwa muno. AMbewe anakwera, anaponda pedulo. Tayala lakumbuyo linazungulira pamalo amodzi. Ndinakankha, inayenda pang'ono, koma mawilo a makina ankangotsetsereka, mipeni osazungulira. Pamene inazungulira, udzu wonyowa unamatirira n'kutseka paliponse. Tinachotsa ndi kamtengo, tinayesanso, chimodzimodzi. Ulendo wachinayi njinga inaterereka, aMbewe anagwera pa dzanja lodwala lija.

Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kuseka. Madamu anati ndayesetsa, koma pepala alifuna pa fotini awazi, thu koloko masana. Anthu anabalalika. Ine ndinamasula mawilo, ndinayang'ana magiya, ndinathira girizi, osapeza cholakwika. Ndinayamba kuganiza zoti wina watichitira nsanje usiku. AMbewe anakhala pansi pa mvunguti atagwira dzanja lawo, n'kundiuza kuti ndilembe dzina lawo, ndisadzivute, iwo sadzandisungira kanthu. Makina tinawasiya pomwepo padzuwa, sindinkafunanso kuwaona.

Cha m'ma thwelofu mlonda wa pageti anabwera akuthamanga, ati kuli mayi amene wakana kudikira. Ndisanayankhe, ndinaona amayi anu akubwera pakati pa kapinga wa alendo, chitenje chomanga cholimba, mapazi ali matope, nkhuku yoyera kukhwapa. Anali atanyamuka ku Mnkhanya m'mamawa. Nkhukuyo inali mphatso yochokera kwa akazi a aMbewe. Dzulo lake, ine nditabwerera kale ku loji kukakonzekera, akazi a aMbewewo atatuluka m'tchalitchi anayenda ulendo wonse kuchokera ku Nsefu kukagwada pakhomo pathu ndi kuthokoza amake Esinala chifukwa cha mtima wawo wabwino wopereka njinga kuti idulidwe. Bodza langa linaululidwa ndi ulemu wa munthu.

Sanakweze mawu. Anapereka moni kwa aMbewe, anafunsa za dzanja, kenaka anatembenukira kwa ine. "Atate ake Esinala, ekiselo ija ndi imeneyi?" Ndinati ndifotokoza. Anati ndidzafotokoza kwa amalume awo. Anandipatsa nkhuku kuti ndigwire, anapita pa njinga, anaiyang'ana kutsogolo kumene kunali wilo, anapukuta chishalo ndi chitenje. Ndinawauza kuti siyenda. Anati njinga yawo, kaya ili ndi mano kaya ilibe, ikugona kwawo lero. Anakwera, analiza belu, n'kuponda.

Abale inu, inayenda. Mipeni inayamba kuimba, udzu unauluka, ndipo kumbuyo kwawo kunatsala mzere woyera, wosalala, wowongoka, kuchokera pa mvunguti kulunjika kugeti. Iwo sanacheuke, ankapalasa ndi mkwiyo wa masabata awiri. Pageti anapeza potseka, mlonda ali kuno ndi ife kukamwa yasa, ndiye anakhota n'kubwerera kudzamuuza kuti atsegule. Unakhala mzere wachiwiri, pambali pa woyamba. Ophika anatuluka, ochapa anayamba nthungululu. Ine ndinaima ndi nkhuku m'manja. AMbewe anawerama, anasisita kapinga ndi dzanja lamanzere, anayang'ana chikhato chawo, n'kunena chapansipansi: "AKapitawo, wauma." Pamenepo m'pamene mutu wanga unatseguka. Masiku onse aja tinkayesa madzulo, pa udzu wouma. Lamulo la mame ndi la chikwakwa, makinawa amafuna dzuwa. Amuna asanu ndi mmodzi odziwa udzu, palibe ndi mmodzi yemwe anaganizapo zoti munthu angatchetche masana.

Madamu anali ataima pakhonde la ofesi. Anatsika, anapatsa moni amayi anu, n'kuwapempha mwaulemu kuti atsike pang'ono akwere aMbewe. Amayi anu anayang'ana aMbewe, anayang'ana dzanja lija, anatsika n'kuwagwirira njinga kuti akwere bwino. AMbewe anadula kuchokera ku ofesi mpaka kumtsinje ndi kubwerera, maulendo asanu, dzanja limodzi pa handulo, thukuta lili kamukamu, mano onse pamtunda.

Pa fotini awazi ndinalowa mu ofesi ndi pepala losalemba. Madamu anati eni loji ananena asanu, ndipo akhala asanu. Anatenga cholembera, analemba, n'kunditembenuzira pepala. Panali dzina langa. Anandisiya choncho kanthawi, chifukwa nawonso anali ndi nthabwala zawo, kenaka anati: "Munthu wodula njinga ya mkazi wake sayenera kukhala ndi chikwakwa. Mawa mukayambe ku wekishopu, kwakhala kukusowa munthu." Umu ndi mmene ndinakhalira makanika, patatha zaka khumi ndi zisanu chiuzireni mudzi wonse kuti ndine makanika.

Zaka zotsatira

AMbewe anapalasa makina aja zaka zisanu ndi zinayi. Ndinawamangira ambulera pamwamba, ndipo ankayamba teni koloko mame atauma, n'kubwerezanso madzulo. Anzawo ankadzuka m'mamawa kukatchetcha m'mbali ndi kukwirira mapazi a mvuu ndi mchenga kuti njinga isagwe, iwo n'kumabwera dzuwa litakwera ngati bwana. Alendo ankapempha kukwerako. Makina a petulo sanagulidwenso. Ana asanu ndi awiri aja onse anamaliza sukulu, ndipo mmodzi ndi namwino uja amene akakumana ndi amayi anu amawagwadira pamsewu n'kuwatcha amayi a njinga. Ine mlandu ndinauona. Amalume a amayi anu anandikhazika pamphasa Loweruka lomwelo, ndinapepesa ndi mbuzi, ndipo amayi anu anayenda wapansi kuchigayo mpaka ndinawagulira njinga ina chaka chotsatira. Anailandira, anati belu lake silimveka bwino. Nkhuku yoyera ija sanalole kuti iphedwe, ndipo nkhuku zambiri zimene munadya muli ana zinali zidzukulu zake.

Koma pali mawu amene sindinakuuzenipo. Madzulo a Lolemba lija ndinawaperekeza amayi anu mpaka kumsewu, kumene galimoto ya loji inkawadikira kuti iwatule ku Mnkhanya. Anali atamasula belu pa njinga n'kulimanga pa nsonga ya chitenje. Ine ndinali wokondwa ngati mwana, ndinkangolankhula, kuti mwaona nzeru zanga, kuti zonse zatha bwino. Pafupi ndi galimoto iwo anaima, n'kundifunsa ngati aMbewe amenewa ndi omwe aja anandikoka kolala pa mvuu. Ndinati ndi omwewo. Anati nkhani imeneyo ndinawauza ndikuwafunsira, ndipo sanaiiwale.

"Ndiye munaganiza kuti ine ndingakane? Zaka zonsezi, atate ake Esinala, mukugona m'nyumba mwanga, simukundidziwa? Mukanandifunsa, sowo ndikanakugwirirani ine."

Anakwera galimoto, nkhuku pamiyendo. Belu lija ndi limene lili pawindo la kuchipinda kwathu, limene munkaletsedwa kuseweretsa. Kuyambira tsiku limenelo sindinadulenso kanthu, ngakhale nthambi ya mango, ndisanawafunse, ndipo pa zaka zonsezi sanandikanizepo ngakhale kamodzi.